Mpamba wa Kunyanja: N'chiyani Chimachititsa Bizinesi Kukongola Kapena Kuthawa Ngongole?

Ukafika pa doko la Msaka m'bandakucha, maboti a usipa akukocheza, maso amathamangira pa nsomba. Koma tayamba wayang'ana botilo. Pali matabwa, injini, ukonde wa chilimira, nyali ndi zigubu za petulo. Chilichonse mwa zimenezi chinadya ndalama, ndipo ukafunsa bwino upeza kuti ndalamazo sizinatuluke m'thumba limodzi. Kawirikawiri injini anagula ndi mchimwene amene ali ku Joni, ukonde unachokera ku banki m'khonde kumene mayi a kunyumba amasonkha, ndipo petulo wa usiku wathawu analipira ndi mayi wa geni wochokera ku Limbe, atapangana kuti usipa ukatuluka ayambe ndi iye kupikula. Banki ya pa Boma palibe pamene yaponda.

Ukatsika ndi msewu wochokera ku Monkey Bay kulowera pa Boma la Mangochi, umadutsa Maldeco ndi hotela ya Sunbird Nkopola. Awanso amadya za m'nyanja yomweyo ndipo mwera ukawomba suwasiya, koma eni ake ali pa msika wa masheya ku Blantyre, ndipo akafuna ndalama amakambirana ndi akuluakulu a mabanki maso ndi maso. Pakati pa mwini boti ndi makampani awiriwa pali khamu la anthu: eni malo ogona alendo ku Cape Maclear, eni zigayo ku Namwera, ogulitsa simenti ndi malata pa Boma, eni malole onyamula nsomba zouma. Onsewa funso lowasowetsa tulo ndi limodzi: ndalama zokulitsira bizinesi zichokere kuti, ndipo zokongola zikhale zochuluka bwanji?

Pamakhala zonena zoti Amalawi timaopa ngongole kapena sitidziwa kugwiritsa ntchito mabanki. Za kunyanja zikusonyeza kuti vuto lagona pena. Ngongole imene ili pa msika imasemphana ndi bizinesi pa zinthu zinayi: mtengo wake, mtundu wa ndalama, nthawi yobwezera, ndi chikole.

Zimene akatswiri anapeza

Mpamba wa kampani umachokera mbali ziwiri. Pali ndalama za eni ake, kaya zimene anaikamo poyamba, kaya phindu limene sanadye, kaya za munthu wina amene wagula gawo la umwini. Ndiye pali zokongola. Kusiyana kwake n'koonekeratu: mwini gawo amadya pokhapokha phindu likapezeka, pamene wokongoza amafuna zake kaya nyanja yapereka kaya yamana.

Mu 1958 akatswiri awiri a zachuma ku America, Franco Modigliani ndi Merton Miller, anasonyeza kuti kukanakhala dziko lopanda msonkho, lopanda zolipira kampani ikagwa, komanso kumene aliyense akudziwa zonse zimene mnzake akudziwa, kasakanizidwe ka ngongole ndi ndalama za eni ake sikakanasintha mtengo wa kampani. Dziko lotero kulibe, ndipo phindu la mfundo yawo lili pomwepo: inaloza zinthu zimene zimachititsa kuti kusankhako kukhale ndi ntchito.

Choyamba ndi msonkho. Ku Malawi kampani imapereka ku MRA 30 peresenti ya phindu lake, koma chiwongoladzanja chimachotsedwa kaye phindulo lisanawerengedwe. Choncho kampani yopindula bwino ikakongola, msonkho umatsika. Koma ngongole ikachuluka, ngozi yoti masherifu adzagogoda pakhomo imakulanso. Kampani yanzeru imaima pamene phindu la msonkho ndi ngozi yakugwa zikulingana.

Mu 1984 Stewart Myers anafotokoza zina zimene wa geni aliyense angazivomere. Anati makampani amatsata ndondomeko: amayamba ndi phindu lawo lomwe, likachepa amakongola, ndipo kugulitsa gawo la umwini kumabwera pothera penipeni. Chifukwa chake n'chakuti mwini bizinesi amadziwa za m'kati zimene wakunja sadziwa, ndiye wakunjayo, poopa kupusitsidwa, amadulitsa ndalama zake.

Mu 2001 Laurence Booth ndi anzake anayesa mfundozi m'mayiko khumi ongotukuka kumene, kuphatikizapo Zimbabwe, India ndi Brazil. Anapeza kuti makampani opindula kwambiri amakongola pang'ono, monga zilili kumayiko olemera, koma ngongole za nthawi yaitali n'zochepa kwambiri, ndipo dziko limene kampani ili limasintha zinthu kwambiri. Apa ndi pamene nkhani ya ku Mangochi ikulowera.

Mtengo wa ndalama

Mu 2021 chiwongoladzanja chimene Reserve Bank of Malawi imaika ngati muyezo wa mabanki onse chinali 12 peresenti. Pofika Febuluwale 2024 chinali chitakwera kufika pa 26 peresenti, pofuna kulimbana ndi kukwera mitengo kwa zinthu kumene kunali kutapitirira 30 peresenti pa chaka. Mabanki amaonjezerapo zawo malinga ndi mmene akumuonera wokongolayo, moti bizinesi yaing'ono inkapezeka ikulipira kupitirira 30 peresenti.

Tiyerekeze mwini malo ogona alendo ku Chembe amene wakongola K20 miliyoni kuti aonjezere zipinda. Pa 30 peresenti, chaka choyamba chiwongoladzanja chokha chikuyandikira K6 miliyoni, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Kuti apindule, zipindazo ziyenera kubweretsa zoposa pamenepo atachotsa malipiro a antchito, magetsi, dizilo wa jenereta ndi misonkho. Ndi mabizinesi ochepa, kupatula ogula ndi kugulitsa msanga, amene angabereke chotero. Ichi ndi chifukwa chake ngongole ya banki imakomera wooda katundu amene ndalama yake imazungulira pa mwezi, koma imapsinja womanga kapena wogula makina.

Palinso mpikisano umene wa bizinesi sauona ndi maso. Boma limakongola kwambiri m'dziko momwe muno kudzera m'mapepala a ku Treasury, ndipo limalipira chiwongoladzanja chokwera. Banki ikayerekeza kukongoza boma, kumene sikufuna kutumiza munthu ku Makanjira kukaona chikole, ndi kukongoza mwini chigayo amene sikumudziwa, imasankha kosavuta. Wa bizinesi wa ku Mangochi akakanizidwa ngongole, nthawi zina amene wamulanda mpando ndi boma lake lomwe.

Kwacha ndi dola

Zida zambiri za bizinesi ya kunyanja zimachokera kunja: injini za maboti, maukonde, mafiriji, masola, mafuta, ngakhale zina zopangira chakudya cha nsomba zoweta. Koma nsomba zimagulitsidwa ndi makwacha. Kwacha ikagwa, zogula zimakwera tsiku lomwelo, pamene wogula usipa ku Mbayani kapena ku Kawale malipiro ake sanasinthe.

Kwacha yagwetsedwa katatu kokumbukika m'zaka zaposachedwa. Mu Meyi 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ngongole ya madola 10,000 anagona ali ndi ngongole ya K11.8 miliyoni n'kudzuka ili K17 miliyoni, osakongolanso ngakhale tambala.

Ngongole ya madola imakopa chifukwa chiwongoladzanja chake n'chotsika, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Imayenera amene amalandiranso madola, monga malo ogona alendo ochokera kunja kapena otumiza katundu kunja kwa dziko. Kwa wogulitsa chambo pa makwacha, ndi msampha. Akatswiri Barry Eichengreen ndi Ricardo Hausmann analemba mu 1999 za vuto lomweli pa mayiko athunthu amene satha kukongola kunja m'ndalama yawoyawo. Zimene zimachitikira dziko zimatsikira kwa kampani.

Kusowa kwa ndalama zakunja kumaonjezera vuto lina. Munthu angathe kupeza ngongole ya makwacha, koma n'kudikira miyezi kuti banki imupatse madola oitanitsira injini, chiwongoladzanja chikuwerengedwa. Akatopa n'kupita pa msika wa mseri, ngongoleyo siikwananso kugula chimene anaikongolera.

Nyanja ili ndi kalendala yake

Banki imafuna ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Nyanja siidziwa zimenezo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umatha kutsekera maboti kumtunda masiku angapo motsatizana. Mwezi ukawala kumwamba usipa subwera ku nyali. Kuyambira pa 1 Novembala zida zina monga makoka zimaletsedwa kuti chambo chiswane, ndipo ku Malombe nyengo yotseka imatalikirapo. A malo ogona alendo nawo amadzaza pa Khirisimasi, pa Isitala ndi nthawi ya misonkhano, kenako zipinda n'kukhala pululu.

Pamwamba pa zodziwikazi pali zadzidzidzi. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa alendo. Mu 2022 ndi 2023 kolera inavuta kwambiri m'boma la Mangochi. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete. Ndipo akuluakulu a ku Malombe amakumbukira mmene chambo chinazimiririra kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zomwe zinachititsa kuti makomiti oyang'anira madoko ayambe kumeneko mu 1993. Amene anali ndi ngongole ya khoka la chambo nthawi imeneyo anatsala ndi ukonde wopanda chokola.

Lamulo lake ndi lakale: bizinesi imene ndalama zake zimabwera modumphadumpha siyenera kusenza ngongole yaikulu. Mwini boti amene amakana ngongole ya mwezi ndi mwezi si mbuli. Wawerenga bwino nyanja yake.

Vuto lina ndi kutalika kwa nthawi. Ndalama zambiri zimene mabanki amasunga ndi za anthu amene angazitape tsiku lililonse, choncho mabanki sakonda kukongoza kwa zaka zambiri, makamaka pamene mitengo ikukwera mosadziwika. Koma hotela imabweza ndalama zomangira patapita zaka zambiri, ndipo chambo choweta chimadya miyezi ingapo chisanagulitsidwe. Kumanga cha zaka khumi ndi ngongole ya zaka ziwiri ndi chiyambi cha nyumba zambiri zimene zimaima pa lintala.

Chikole ndi mbiri

Funso loyamba la banki ndi lakuti, "Muli ndi chikole chanji?" Yankho limene imakonda ndi nyumba kapena malo okhala ndi mapepala a lizi, makamaka m'tauni. Malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo m'madera ambiri a Mangochi munda umayenda kuchikazi, pansi pa mbumba. Mwamuna wa chikamwini sangapinyolitse malo a kwa mkazi wake, ndipo banki imadziwa kuti kugulitsa malo a pakati pa mudzi ndi kuputa milandu. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, koma kulembetsa kumafuna nthawi ndi ndalama.

Mu 2013 kunabwera lamulo lolola kuti katundu wosunthika, monga galimoto, makina kapena ziweto, alembetsedwe ngati chikole. Pa pepala, boti ndi injini zikulowa pamenepo. Koma boti limamira, injini imabedwa kapena kuwolotsedwa kupita tsidya la Mozambique, ndipo ambiri alibe inshuwalansi. Wokongoza amaziwerengera mtengo wotsika kwambiri.

Chikole chikachepa, chimene chingalowe m'malo mwake ndi mbiri. Lamulo la 2010 linalola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya okongola, kuti wobweza bwino adziwike. Koma mbiri imafuna zolembedwa. Bizinesi yosalembetsedwa, imene ndalama za shopu ndi za ndiwo zili m'thumba limodzi, ilibe choonetsa ngakhale itakhala ikupindula. Ena sasunga mabuku dala, poopa msonkho. Apa pali kusankha kobisika: wobisalira MRA wabisaliranso banki. Ndalama za pa foni, Airtel Money ndi Mpamba, zayamba kusintha zimenezi pang'ono, chifukwa malonda odutsa pa foni amasiya mapazi amene wokongoza angathe kuwatsata.

Makomo ena

Khomo la banki likatsekeka anthu sakhala manja lende. Mangochi imadziwika ndi anyamata opita ku South Africa, ndipo ndalama zimene amatumiza kudzera ku Mukuru ndi njira zina zamanga nyumba, mashopu ndi kugula maboti. Ndalama ya ku Joni ilibe chiwongoladzanja, siifuna chikole, ndipo kwacha ikagwa iyo imachuluka. Koma ili ndi mtengo wake: abale onse amadziona ngati eni, ndipo ukati ukane kupereka thumba la simenti pa ngongole kwa amalume, mlandu umakafika ku Johannesburg.

Banki m'khonde ndi chipereganyu zimayenda chifukwa anthu amadziwana. Chikole ndi manyazi a pamudzi. Chiwongoladzanja chake pa mwezi n'chokwera, koma chimabwerera kwa mamembala pogawana kumapeto kwa chaka. Malire ake ndi akuti ndalama zake n'zochepa ndipo zimabwezedwa msanga: zimagula ukonde, osati lole. Ma SACCO ndi mabungwe okongoza ndalama zing'onozing'ono monga FINCA amakweza pang'ono, ndipo pansi penipeni pali katapila, amene munthu amamupitira madzi akafika m'khosi.

Ndiye pali ngongole ya malonda, imene mwina ndi yaikulu kuposa zonse koma siilembedwa paliponse: mwenye wa ku Limbe kupereka katundu kuti ulipire ukagulitsa, kapena wogula nsomba kulipiriratu mafuta. Chiwongoladzanja chake chimabisala mu mtengo. Msodzi amene wadya ndalama ya wogula sangathenso kunenerera. Amagulitsa pa mtengo umene wauzidwa.

Chipembedzo nachonso chili ndi mawu. Anthu ambiri a ku Mangochi ndi Asilamu, ndipo Chisilamu chimaletsa riba, kutanthauza kulandira kapena kupereka chiwongoladzanja. Kwa wamalonda wotsata chiphunzitsochi, funso silikhala loti chiwongoladzanja chatsika kapena chakwera. M'zaka zaposachedwa Reserve Bank inalola mabanki kutsegula nthambi zotsata malamulo a Chisilamu, ndipo FDH Bank inayambitsa yake yotchedwa Salama. Mwa njira zake, banki imagula katundu n'kumugulitsa kwa kasitomala pa mtengo wogwirizana, kapena imalowa m'bizinesi n'kumagawana phindu ndi kuluza komwe.

Kugawana kotereku si kwachilendo pa doko. Alovi, anthu ogwira ntchito m'boti, salandira malipiro a pa mwezi. Nsomba zikagulitsidwa amachotsa za mafuta, zotsala n'kugawana ndi mwini zida. Usiku ukakhala woipa onse amabwerera chimanjamanja, ndipo palibe amene amalanda boti la mnzake. Asodzi anazindikira kalekale kuti pamene mapezedwe ndi osadziwika, kugawana kumaposa kulonjeza ndalama yokhazikika. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akakula n'kukhala ndi kampani amakana kugulitsa gawo kwa wina. Amaopa kulandidwa, amaopa milandu yochedwa kukhoti, amaopanso za chuma cha masiye. Amalola kukhala mwini yekha wa chinthu chaching'ono kusiyana ndi kugawana chachikulu.

Akuluakulu ali ndi makomo ambiri

Kukula kwa kampani kumasintha zonse. Maldeco yakhala kwa zaka zambiri pansi pa Press Corporation, imene inalowa pa msika wa masheya mu 1998 ndipo ili ndi gawo lalikulu mu National Bank of Malawi ndi TNM. Pamene inayamba kuweta chambo m'zikwere za m'nyanja m'zaka za m'ma 2000, ntchito yofuna ndalama zambiri ndi kudikira, inali ndi kholo loti liigwire dzanja. Sunbird Tourism, mwini wa Nkopola, inalowa pa msikawu mu 2002, ndipo gawo lalikulu ndi la boma. Mahotela ake ali m'mizinda ndi kunyanja komwe, choncho kwina kukaphwa kwina kumathandiza. Makampani otere ali ndi mabuku owunikidwa, nyumba za lizi, ndiponso mwayi wogulitsa masheya atsopano kapena kukongola ku mabungwe a penshoni ndi inshuwalansi, amene ndalama zawo zimatha kudikira.

Koma msika wa masheya wa Malawi, umene kampani yake yoyamba inali NICO mu 1996, ukadali ndi makampani osakwana makumi awiri. Khomo limeneli ndi la ochepa. Ovutika kwambiri ndi apakati: aakulu kwambiri kwa banki m'khonde, aang'ono kwambiri kwa msika wa masheya, ndipo kwa banki ndi ongoyenera ngongole yaifupi yodula.

Boma layesa kutseka mpata umenewu. Thumba lake lokongoza anthu lasintha mayina, kuchoka pa MARDEF ya 2005, kudzera pa MEDF, kufika pa NEEF mu 2020, ndipo vuto lobwerezabwereza lakhala lakuti ngongole yobwera ndi fungo la ndale ena amaiona ngati mphatso. Export Development Fund inakhazikitsidwa mu 2012, MAIIC mu 2018, ndipo mu 2020 World Bank inavomereza madola 86 miliyoni a pulojekiti ya FInES, yodutsa ku Reserve Bank kuti mabizinesi ang'ono ndi apakati apeze ngongole yotsikirapo mtengo. Zonsezi zimathandiza amene afikiridwa, koma sizingalowe m'malo mwa chuma chokhazikika. Malinga ngati boma likukongola kwambiri, mitengo ikuthamanga ndipo kwacha ikugwedezeka, ngongole yotsika mtengo idzakhala ya amwayi.

Pobwerera pa doko

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma sanati tisamabwereke nkhwangwa; mtengo ukafunika kugwa ndipo yako palibe, umabwereka, n'kuyang'ana kaye mpini. Wa bizinesi asanasaine ayenera kudzifunsa: kodi chimene ndikugulachi chibereka kuposa chiwongoladzanja? Kodi ndikukongola m'ndalama imene ndimalandira? Kodi masiku obwezera akugwirizana ndi miyezi imene ndalama imalowa, ndipo mwera ukatenga milungu itatu ndilipira ndi chiyani? Nanga zikavuta, chimene nditaye ndi injini kapena nyumba yogona ana?

Okongoza nawo ali ndi chophunzira. Mayi wa geni wa ku Limbe uja amakongoza msodzi popanda lizi, popanda fomu, ndipo ndalama zake zimabwerera, chifukwa amadziwa boti, amadziwa mwezi ukawala, ndipo amakhala pa mchenga nsomba zikamatuluka. Tsiku limene banki idzalembe ndondomeko yobwezera imene ikudziwa kuti mu Julayi kuli mwera ndipo mu Novembala nyanja imatsekedwa, mwini boti wa ku Msaka adzakwera yekha matola kupita pa Boma kukafunsa fomu.